Masamba Amene a Laston Ankabweretsa

A Laston ndi alamu anga, amuna a malemu mng'ono wanga Zelifa. Kwawo ndi kwa Chiwalo, koma anadzakwatira kwathu kuno kwa Nazombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, n'kukhala pachikamwini zaka khumi ndi chimodzi. Ntchito yawo ndi yosoka nsapato. Tsiku la msika ankayala thumba pansi pa mtengo wa mango pa Chiringa n'kumasoka masilipasi oduka, nsapato za ana asukulu zoyasama kutsogolo, mwinanso mpira wophulika. Ndi munthu wamfupi, wa zala zakuda ndi guluu, ndipo ali ndi chibwibwi choti ukawafunsa njira umakafika kumene ukupitako iwo asanamalize kulongosola.

Ine ndinkawaseka, sindikana. Tsiku limene Zelifa anabwera nawo koyamba ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe. "Iwe," ndinatero, "amuna onse ali mbwee m'dziko muno, wasankha woti pokufunsira wayamba Lolemba n'kumaliza Lachitatu?"

Zelifa anaseka mpaka kugwira nkhokwe. "Achemwali, munthu wolankhula movutikira sanama. Nthawi yake aipeza kuti?"

Chaka china nandolo anagulidwa bwino. Amuna anzawo anagula malata, ena mawailesi, ena anakamwera mpaka kuiwala mayina a ana awo. A Laston anakwera minibasi kupita ku Limbe atatumidwa chitenje ndi poto, n'kubwerako ndi buku. Linali buku lalikulu la nkhani za m'Baibulo lolembedwera ana, la m'Chichewa, lokhala ndi zithunzi zamitundumitundu. Munali nkhani makumi asanu ndi limodzi, iliyonse masamba ake awiri. Zelifa anakwiya tsiku limodzi. Ine ndinakwiya sabata yathunthu m'malo mwake, poti mng'ono wangayo sankadziwa kusunga mkwiyo.

Lamulungu lotsatira ndi pamene tinatseka pakamwa. Kumpingo kwathu ana a Sande sukulu ankangoimbitsidwa nyimbo ziwiri zomwezomwezo n'kuuzidwa kuti asamabe nzimbe, basi. Buku loti n'kuwaphunzitsira panalibe, ndipo Baibulo lenilenilo mpingo wonse anali nalo anthu atatu. A Laston anakhala pa njerwa kunja kwa tchalitchi, anatsegula buku lija n'kuyamba kuwerenga. Chibwibwi chija chinasowa. Mawu ankangotsika bwinobwino osakodwa paliponse, koma akangotseka buku kuti afunse ana funso, chinkabwereranso nthawi yomweyo. Ife amayi tinayamba kuzemba m'tchalitchi ulaliki uli mkati, ati kukatonthoza ana, chikhalirecho tikufuna kumva a Laston akuwerenga.

Anali ndi lamulo lawo: nkhani imodzi pa sabata, osati ziwiri. Masamba akutsogolo ankawapana ndi pegi ya zovala kuti mwana asasuzumire. Ana ankachonderera, ena kulira kumene, koma iwo ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Cha-chakudya cha mawa sadyera lero."

Kuchokera apo anthu anayamba kuwabweretsera mabuku awo othothoka: a nyimbo, a maphunziro a amayi a Lachinayi, Mabaibulo aja atatu. Ankawaboola m'mphepete ndi singano yaikulu ya nsapato, kuwasoka ndi ulusi wa nsapato womwewo, n'kuwakutira ndi zidutswa za zitenje. Sankalipiritsa. Kamodzi kokha ndi pamene analakwitsa. Guluu atawathera, anamata chikuto cha buku la nyimbo la achimwene athu aakulu, a Jonasi, ndi phala la ufa wa chinangwa. Linauma bwino ndithu, koma pasanathe sabata mphemvu zinali zitadya msana wonse wa bukulo. A Jonasi ndi mkulu wa mpingo, ndiponso ndi mwini mbumba wathu, woyang'anira ife alongo awo ndi ana athu. Anaimirira kutsogolo kuti atsogolere nyimbo, masamba n'kungoti waa pansi, mpingo wonse kufa nako kuseka. Achimwene anga amakhululuka zambiri, koma kusekedwa sakhululuka.

Mwana anachedwa kubwera m'nyumba ya Zelifa. Atabadwa, patapita zaka zisanu, anamutcha Praise. A Laston sankamutchula dzinalo, ankangoti "mayi", chifukwa anatengera mphumi ya amayi awo. Praise atakwanitsa zaka zisanu n'kulowa Sande sukulu, bambo ake anabweza pegi kutsamba loyamba n'kuliyambanso buku lonse chifukwa cha iye. Ana akuluakulu anadandaula kuti za chingalawa anazimva kale, koma anadandaulira munthu wosamva.

Anali atafika pa nkhani ya khumi ndi chiwiri pamene Zelifa anadwala. Anadwala masiku anayi okha, m'nyengo ya dzinja, chimanga chikumasula ngaiyaye. Sindifuna kukamba zambiri za masiku amenewo. Ndinataya munthu amene ndinagona naye pa mphasa imodzi kuyambira ali wakhanda, ndipo mpaka lero ndikamva chinthu choseketsa ndimayamba ndaganiza zokamuuza iye.

Kwathu kuno mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa. Abale a mkazi amakhala pansi n'kumumasula kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatirenso. Nyumba, munda ndi ana zimatsala kuchikazi. Koma mwambo womwewo suletsa abale kunena kuti, "Alamu, khalani pompano, lerani mwana wanu." Mawu amenewa ndi amene a Laston ankayembekezera tsiku limene tinasonkhana pabwalo pa nyumba yawo, patatha mwezi chiikireni maliro.

A Jonasi ndi amene analankhula. Iwonso ndi mkamwini kumene anakwatira kutsidya kwa mtsinjeko, koma akafika kuno amaiwala. "Alamu," anatero, "mwatisungira mlongo wathu bwino, sitikudandaula. Koma mlendo ndi mame. Njinga ndi yanu, zida za nsapato ndi zanu, zovala zanu tengani. Zotsalazo ndi za mwana."

A Laston anayang'ana ine. Ankadziwa kuti pa mbumba yonse ine ndekha ndi amene ndimatha kuwabweza mawu achimwene, ndipo pakamwa panga sipanayambe pasowapo chonena. Ndinayang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo. Ndinene poyera lero: ndinkamufuna mwanayo. Amuna anga anali atamwalira kale, ana anga awiri atapita kutauni, ndipo Praise ankaseka ngati mayi ake, mutu atapendeketsa. Ndinkadziwa kuti bambo ake akachoka, mwanayo agona m'nyumba mwanga. A Jonasi ankafuna munda, ine ndinkafuna mwana, ndipo sindikuona kuti wabwino anali ndani pa awirife.

Ataona kuti ndakhala chete, a Laston anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Nanga bu-bu-buku?"

"Buku litsala," anatero a Jonasi. "Ana a mpingo akulifuna. Komanso nandolo amene munagulira bukulo anamera pa nthaka ya yani?"

Praise anali atakhala pa mwendo wa bambo ake, buku lija atalikumbatira pachifuwa. A Laston anamupempha mofatsa kuti awapatse. Anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa lezala, anatsegula buku pomwe panali pegi, n'kudula msana wake kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amayi ena anagwira pakamwa, mmodzi anachita kukuwa kuti kucheka buku la Mulungu ndi kudziitanira tsoka. Buku linakhala pawiri, mbali yowonda yomwe anali atawerenga kale ndi mbali yonenepa yotsala. Tsamba lomaliza la mbali yowondayo linali ndi chithunzi cha Yakobo, nkhalamba, akulira atagwira malaya a mwana wake Yosefe.

"Mayi," anatero popereka mbali yowonda ija, "ili ndi lanu, muzipita nalo ku Sande sukulu. Ili ndi-ndikusungirani. Mwezi ukatha ndikubweretserani nkhani yotsatira."

"Nanga agogowa adzamuonanso mwana wawo?" anafunsa Praise, chala chili pa chithunzi.

"Dikirani mwezi uthe."

Buku linali litatsala monga a Jonasi ananenera, linalinso litapita, ndipo mwambo sunanenepo kanthu za buku logawidwa pakati. M'mawa mwake a Laston anamanga katundu pa kaliyala n'kuikankha njinga mpaka kumsewu osakwera, osacheukanso.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira ndinamva belu la njinga ndikutsuka mbale. Anali atanyamuka kwa Chiwalo tambala woyamba, ulendo wa maola atatu, fumbi mpaka m'nsidze. "Mosheliwa, alamu," anandipatsa moni, n'kukhala pakhonde panga. Nyumba yawo ija, yomwe anaumba okha njerwa zake, a Jonasi anali atayamba kusungiramo chimanga, ndipo a Laston sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Anatulutsa masamba awiri m'jumbo. Anamasula ulusi wonse wa buku la Praise, anaika masamba atsopanowo kumapeto, anaboola, n'kusokanso kuchokera poyamba. Ntchito yoti akanaimaliza m'mphindi khumi inawatengera maola awiri, mwana akugwira ulusi, akuwauza za mbuzi yanga ndi za aphunzitsi ake. Atamaliza kusoka ndi pamene anawerenga nkhaniyo, ana a m'mudzi atadzaza bwalo. Dzuwa litapendeka anakwera njinga, chifukwa munthu wosudzulidwa sagona pamudzi umene anamusudzula.

Zinakhala choncho mwezi ndi mwezi. Buku la Praise linkanenepa, la bambo ake linkawonda. Dzinja lina mtsinje unadzaza moti tinati lero sabwera, koma masana tinangoona munthu akutulukira ali chinyowere mpaka m'khosi, njinga ili paphewa. Masamba awiri aja anali atawakulunga m'majumbo atatu n'kuwabisa m'chipewa, ndipo anafika ouma.

Anthu, poti pakamwa salipira msonkho, anayamba kunena. Ena ankati akuzungulira munda uja. Ena ankati akufuna kulowa m'nyumba ya ine, mkazi wamasiye. Mayi wina anandifunsa zimenezi pa mjigo, ndipo ndinamuyankha mawu amene sindingalembe m'nkhani yonena za buku la Mulungu. A Jonasi zinawafika. Anafuna kuletsa maulendowo, koma mkulu wa mpingo angathamangitse bwanji munthu amene wabweretsa Mawu, ana makumi atatu atamuzungulira? Loweruka lina anaima pamphepete pa bwalo manja ali kumbuyo, anadikira kuti nkhani ithe, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Alamu, ntchito mukuigwira ndi yabwino. Koma buku likadzatha, maulendowa adzathenso. Tisamanamizane."

A Laston anangoti, "Nda-ndamva, alamu."

Kuyambira mwezi wotsatira anayamba kubwera ndi tsamba limodzi m'malo mwa awiri. Nkhani inkathera pakati, munthu ali m'mimba mwa chinsomba, ana n'kudikira mwezi wathunthu kuti amve ngati anatulukamo. Patapita nthawi anayamba kubwera chimanjamanja mwezi wina, ati ulusi wamasuka, buku likufunika kukonza kaye lisanalandire masamba ena. Ankalimasula, kulisokanso, kusintha chitenje cha pachikuto, n'kuwerenga nkhani yakale. Buku limene lija linasokedwa kambirimbiri moti m'mphepete mwake munali mabowo ngati sefa.

Tsiku lina ndikuwaperekeza kumsewu ndinawafunsa. "Alamu, inu ndi ine ndife akuluakulu. Ulusi umenewu ukumasuka mwezi uliwonse ngati wa telala woledzera? Bukuli litha liti?"

Anaima, anagwira mabuleki a njinga ngakhale sinkayenda. Analimbana ndi mawu nthawi yaitali, mitsempha ya m'khosi itaima. "Li-likatha, alamu, ndizidzabwera ngati ndani?"

Apa ndi pomwe ndikanati, muzidzabwera ngati bambo wa mwana. Ndi pomwe ndikanapita kwa achimwene n'kuwauza kuti mawu awo aja awameze. Sindinatero. Ndinaopa pakamwa pa anthu a pa mjigo paja, ndinaopanso kuti mwana akazolowerana kwambiri ndi bambo ake tsiku lina adzanyamuka nawo. Ndinangoti, "Muyende bwino," ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzida.

Chimene a Laston sankadziwa, kapena chimene ine ndinkaganiza kuti sakudziwa, n'chakuti mwana anali atakula. Praise anaphunzira kuwerenga msanga. Ali Sitandade 5 ndinamupeza kuseri kwa khitchini ndi Baibulo langa, limene mwana wanga wamkulu ananditumizira kuchokera kutauni, atafika nalo kutali kupitirira pomwe bambo ake anali. Nkhani zonse zotsala ankazidziwa, za mtanda, za manda opanda kanthu, zonse. Komabe Loweruka loyamba likafika ankakhala pa mphasa maso ali tong'o, n'kumafunsa kuti, "Ndiye kenako, ababa? Ndiye zinatha bwanji?"

"Iwe, bodza limeneli unaliphunzira kuti?" ndinamufunsa tsiku lina iwo atapita.

Anandigwira dzanja. "Amayi aakulu, chonde musawauze. Akadziwa kuti ndikudziwa asiya kubwera."

Ndinakhala choncho ndi zinsinsi ziwiri m'nyumba imodzi, bambo akubisa masamba, mwana akubisa kuti anawerenga kale. Ndinkawayang'ana pakhonde paja, wina akusoka wina akugwira ulusi, mtima n'kumandipweteka. Zelifa akanakhalapo akanaseka mpaka misozi, kenako akanapita kwa achimwene n'kukonza zonse ndi mawu awiri. Ine amene ndimadziwika ndi pakamwa ndinalephera.

Kwa Chiwalo a Laston sanakwatirenso. Abale awo anawapezera akazi awiri, koma iwo ankayankha kuti ali ndi buku loti amalize kaye. Kumpingo wa kwawoko anayambitsanso Sande sukulu ndi mbali yawo ija, moti ana a kumeneko anakula akudziwa mathero a nkhani popanda chiyambi chake. Ndipo buku lawolo linkachepa chaka ndi chaka, mpaka a Laston anatsala ndi masamba awiri okha, nkhani yomaliza. Masamba amenewo anakhala nawo chaka chathunthu osawabweretsa.

Kenako mawondo anawakana. Zaka zisanu ndi zitatu za kupalasa njinga pa msewu umene uja si masewera. Loweruka loyamba la mwezi wa June Praise anasesa pakhonde, anayala mphasa, anatulutsa buku, n'kukhala. Belu lililonse la njinga ankadzuka. Anakhala mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa mitengo. Mwezi wa July chimodzimodzi. Foni a Laston anali nayo, kafoni kakang'ono ka mabatani, koma pafoni chibwibwi chawo chimakula kawiri. Ankaimba, timve kupuma kokha ndi "Ma-ma-ma", foni n'kuduka. Praise ankaigwirabe kukhutu ngakhale itaduka kale.

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka, Praise anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, kutali, kupitirira Zomba. Mudzi wonse unakondwera, a Jonasi anachita kupha nkhuku. Mwini wake anangoti zii. Kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke anabwera ndili pamtondo, buku lili m'manja.

"Amayi aakulu, mundiperekeze kwa ababa."

Panali zambiri zoti ndikanawiringula nazo, koma ndinasiya munsi n'kukasamba. Kwa achimwene sindinapite kukapempha. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, atatu pa chishalo chimodzi, ndipo msewu umenewo ndinaumva m'msana mwanga monse. Dzenje lililonse ndinkaganiza kuti munthu uja ankadutsa pano ndi miyendo yake, kupita ndi kubwerera tsiku limodzi, chifukwa choti ine ndinatokosa dothi ndi kamtengo.

Tinawapeza chakumasana atakhala pa mpando wa ndalema kunja kwa kanyumba kawo ka udzu, miyendo atatambasula, mawondo otupa atawamanga nsanza. Nsapato za anthu zinali mulu pambali pawo. Atationa anafuna kuimirira, analephera, anangovula chipewa. Tsitsi linali litachita imvi, ndipo ine sindinazindikire kuti zinayamba liti.

"Ma-mayi," anatero.

Praise anagwada pafupi nawo, anawauza za sukulu, n'kuika buku pa miyendo yawo. "Ababa, ndikupita Lamulungu likubwerali. Ndabwera kuti mumalize."

A Laston anayang'ana buku, anayang'ana ine, anayang'ana kumbali kwa khola la nkhunda nthawi yaitali. Kenako anamutuma m'nyumba kuti akatenge jumbo yomwe inali pansi pa pilo. Masamba awiri aja anali atafewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anamasula ulusi, anaika masambawo kumapeto, n'kuyamba kusoka. Ulendo uno sanachedwetse. Kawiri konse anadzibaya, koma anasoka mpaka anamanga mfundo yomaliza n'kudula ulusi ndi mano. Ana a pamudzipo anali atayamba kale kusonkhana, ataima chapatali, kudabwa kuona kuti buku la aphunzitsi awo linali lalikulu chotero.

Anawerenga nkhani yomaliza ija, yonena za mzinda kumene anthu sadzasiyananso. Mawu anatsika bwinobwino monga kale, osakodwa, mpaka pa mzere womaliza. Anatseka buku n'kulipereka ndi manja awiri.

"La-latha, mayi."

Praise sanalilandire msanga. "Ababa, ndikuuzeni chinthu. Nkhani zonsezi ndinaziwerenga kalekale m'Baibulo la amayi aakulu. Ndinkangonamizira."

A Laston anamwetulira, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ndi-ndinkadziwa. Milomo yanu inkatsogola ine ndisanawerenge."

Ine ndinayang'ana kumbali n'kumina. Zaka zonse zija ndinkadziona ngati ndasenza katundu wa zinsinsi, osadziwa kuti eni ake akungoonana bwinobwino.

Kenako Praise anatambasula dzanja n'kupisa m'thumba la malaya a bambo ake, momwe ankadziwa kuti mumakhala lezala. Anatsegula buku koyambirira n'kudula ulusi umene iwo anali atangomanga kumene. Anachotsa masamba awiri oyamba, a nkhani ya kulengedwa kwa dziko, anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'jumbo ija. Buku lonse lotsala analibwezera pa miyendo yawo.

"Ili likhale kuno," anatero. "Ana akunowa za chingalawa sanazimvepo. Koma nkhani yoyambayi ndatenga. Ndibwera nayo tikatsekera sukulu, mudzaisoke. Ndikadzabweza imeneyi ndidzatenga ina."

Ndinaona kuti a Laston akuwerengera ndi zala: nkhani makumi asanu ndi limodzi, sukulu imatsekera katatu pa chaka. "Za-zaka makumi awiri, mayi. Ine ndidzakhala ndilipo?"

"Mudzakhalapo basi. Nanga asoke ndani?"

A Laston anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba kuwamva chimwalirireni Zelifa. Anafufuza m'chitini chawo cha misomali ndi zidendene za nsapato n'kutulutsamo pegi ija, yakuda ndi ukalamba, waya wake wadzimbiri. Anaipana pa nkhani yachiwiri n'kukodola ana aja kuti asendere pafupi.

Potsanzikana nanenso ndinagwada, ngakhale mawondo anga nawonso si a mtsikana. "Alamu," ndinatero, "mawu aja ndinayenera kuwanena tsiku lija. Ndinayenera kunena kuti khalani."

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo, zimene zinandipweteka kuposa akanandikalipira. "Mwa-mwandilerera mwana bwino, alamu," anatero. "Muyende bwino."

Praise anapita kusukulu Lamulungu lomwelo, masamba awiri ali pansi pa zovala m'sutikesi. Atatsekera mu December basi inamutsitsa pa Migowi, ndipo anayamba wapita kwa Chiwalo, n'kugonako masiku anayi asanafike kuno. Achimwene anafuna kulankhulapo, ndinawayang'ana, anasintha nkhani n'kuyamba kukamba za feteleza. Pano mwanayo ali Fomu 3, ndipo ali pa nkhani yachisanu ndi chiwiri. Akuti bambo ake ayamba kudya bwino, mawondo akuwapaka mankhwala, ndipo ulusi amagula wokwanira ulendo umodzi wokha kuti apeze chifukwa chopitiranso kumsika.

Pakhonde panga sipabweranso munthu ndi buku. Ana a m'mudzi anasiya kusonkhana, belu la njinga likalira amakhala wogulitsa usipa. Koma Loweruka loyamba la mwezi ndimangozindikira ndasesa kale pakhonde, mphasa ndayala, madzi a tiyi ali pamoto okwanira anthu atatu. Ndimakhala pamphasapo pang'ono, kuyang'ana kumsewu, kenako ndimaipinda n'kuilowetsa m'nyumba.